Mabuku Ofotokoza Mabuku Omwe Tilibe

Lolemba
Katoni yafika pa lole ya ku Lundazi, mphatso ya anthu akunja. Mabuku! Fungo lake ndi lomwe lija la laibulale ya ku koleji ku Kabwe, kumene tinkakangana za alembi mpaka tiyi kuzizira. Ndapasowa pamalo paja, mpaka misozi kulengeza. A Hedi akuti kachipinda ka pafupi ndi ofesi ndi kanga mpaka Loweruka. Ana akamabwera kudzawerenga, kakhala laibulale. Akapanda kubwera, mulowa mpunga wa m'munda wa sukulu. Ndasesa, ndathamangitsa mavu, ndalemba ndi choko pachitseko: KALABU YA OWERENGA.

Lachiwiri
Kavuto. Mabuku onse ndi ofotokoza moyo ndi ntchito za alembi otchuka akunja: anabadwira kuti, anakwatira ndani, ankatanthauza chiyani m'mutu wachitatu. Nthano zimene analembazo mulibe ngakhale imodzi. Atipatsa msuzi, nyama yatsala kwa eni ake. Palibe kanthu, walira mvula walira matope.

Lachitatu
Ana abwera ndithu. Tisa, mtsikana wa ku Kambombo wosaopa munthu, wakweza dzanja: "Manje aticha, buku yeniyeni ili kuti?" Ndikuyesa kuwasimbira nthano ina imene ndinawerenga ku Kabwe, koma zaka zapita, ndasakaniza nthano zitatu. Ndathawira ku mbiri ya mlembi. Mafunso awo:
anali wa mfumu iti?
ankalima chiyani?
atasiya mkazi woyamba, ana anapita kwa yani?

Lachinayi
Kachipinda kadzaza, ena akusuzumira pawindo. Za kalembedwe palibe akuzifuna. Onse ali pa mlembi wina wandevu wa m'buku lachikuto chobiriwira: maukwati anayi, mowa, kenaka kufera yekha m'hotela ya dziko la eni. Ana agwidwa chisoni, akufunsa kuti anamuika ndani. Belu lalira tisanafike patsamba lomaliza. Ife ku koleji tinkamutcha katswiri, kuno wasanduka wosowa abale.

Lachisanu
Amayi a mpingo ali mu ofesi ya a Hedi, zitenje zomanga zolimba. Mayi ake a Tisa akumveka mpaka panja: "Tinatuma mwana ku sukulu, manje abwela na nkhani za vikwati na moba!" Ndikufotokoza kuti uku n'kuzukuta zolemba. Akufunsa kuti zolembazo zili kuti.

Loweruka
Palibe mwana ngakhale mmodzi, onse aletsedwa. Ngolo ya mpunga yaima pakhomo. A Hedi akuti matumba asagunde pansi kuopa chinyezi, ndipo matabwa palibe. Maso awo agwera pa katoni yanga. Mabuku onse ndi okhuthala mofanana, ngati anawapangira ntchito imeneyi. Ndathandiza kuwayala ndekha. Zandiwawa.

Lamulungu
Ndabisa limodzi, la mlembi amene sindinamukondepo. Ndakhala pakhonde, sindikuwerenga, ndikungolinunkhiza. Tisa akudutsa kuchokera kutchalitchi, waima patali kuti mayi ake asamuone.
"Aticha, uja anafela mu hotela, abale bake anamupeza?"
Buku lobiriwira lili pansi penipeni, pakona, lasenza matumba. Ndamuuza kuti tidzadziwa mpunga ukatha.