Chigumbu cha Mpeni wa Apongozi

Lolemba, 6 Novembala 1978

Tsoka silinunkha! Chigumbu cha mpeni wanga wopinda chasweka. Bolodi ya m'kalasi ikulendewera, hamala palibe, ndiye ndati ndikhomere msomali ndi mpeni. Kamodzi, kawiri, kachitatu thabwa la mbali imodzi phwa! Zidutswa ziwiri pansi, ana onse maso pa ine.

Mpeniwu si wogula. Anandipatsa apongozi anga aamuna tsiku limene anandilola kutenga mwana wawo chitengwa, kuchoka naye ku Golomoti kubwera kuno ku Mua. Mawu awo sindiiwala: "Mwana wangayu mukamusunge monga mmene mukasungire mpeni uwu."

Lamulungu apongoziwo akubwera ku Misa, nkhomaliro adzadyera kwathu. Mango apsa. Iwo sadya bango losasenda, ndipo sasendera mpeni wina. Amangotambasula dzanja, ine n'kuikapo mpeni ndi manja awiri. Chaka ndi chaka, zaka zisanu ndi ziwiri tsopano.

Ndithokozebe: chitsulo chili bwinobwino, ndipo mayi a Lusiya, akazi anga, sakudziwa kanthu.

Lachiwiri, 7 Novembala

Mayi a Lusiya akudziwa. Apeza zidutswa m'thumba la thalauza pochapa. Angoziika pamwamba pa Baibulo. Bola akanakalipa.

Pa buleki ndafunsa nzeru kwa anzanga. Ndaputa mavu.

Ahedi akuti mlombwa, chifukwa suterera m'manja a thukuta.

Aphunzitsi a samu akuti nyanga ya ng'ombe. "Mtengo n'ngwa mpini wa khasu. Mpeni waulemu umavala nyanga."

Alonda akuti kudula poto wakale, kukhoma ndi masipoko a njinga, basi mpaka adzukulu.

Mayi ophunzitsa zosoka akuti ndingomanga ndi malegeni. Tonse tawaseka. Malegeni! Mpeni wa apongozi ngati mtolo wa chinangwa pa keliyala!

Ahedi ndi a samu sakulankhulana mpaka pano. Ine ndasankha phingo, mtengo wakuda uja wa osema ziboliboli. Palibe anautchula, ndiye ndi nzeru zangazanga.

Lachitatu, 8 Novembala

Dzuwa likuswa mtengo. Ndapita kwa a Gerevazio, wosema wa kuseri kwa mtsinje. Munthu wabwino bwanji! Aulandira mpeni ngati khanda, akana malipiro alionse chifukwa ndinaphunzitsa mwana wawo kuwerenga. "Mawa mudzalira ndi chimwemwe, aphunzitsi."

Ndikubwerera ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi. Anthu abwino akadalipo.

Lachinayi, 9 Novembala

Ndalira ndithu.

Chigumbu ndi ng'ona. Ng'ona yeniyeni: mamba, miyendo inayi, mchira wokhota, mano ndawerenga khumi ndi awiri, chitsulo chikutulukira kukamwa. Kukongola kwake kosanena. Koma mpeni sukupinda! Mpata wolowera chitsulo palibe. A Gerevazio akuti mpatawo ukanawononga mimba ya ng'ona, ndipo iwo sasema nyama yong'ambika pamimba.

Ndathokoza katatu, ndikuwomba m'manja. Ndikanatani? Munthu wagwira ntchito ndi mtima wonse.

Pobwerera ng'ona yang'amba thumba, mwendo wake wandilasa pantchafu. Kunyumba ndagulula msomali, ndachotsa chitsulo. Ng'ona yakhala pa kabati, ikundiyang'ana kukamwa kuli yasa.

Lachisanu, 10 Novembala

Nyanga. A samu abwera nayo okha pa njinga kuchokera kwa wopha ng'ombe, nkhope ili ngwee ngati apambana mlandu. Akuti ndiiphike mpaka ifewe, ndiidule pawiri, ndiipsinje ndi mwendo wa bedi.

Ndaphikira mu poto wa ndiwo wa mayi a Lusiya, iwo atapita kotunga madzi.

Fungo lake! Agalu afika asanu ndi anayi, ena sindinawaonepo chibadwire. Ntchentche za ku Mtakataka nazo zamva. Akatekisiti akudutsa, aima pa mpanda, akoka mpweya: "Nyama, aphunzitsi? Lachisanu?" Ndafotokoza. Sakukhulupirira. Akuti kolapitsa kumatsegulidwa mawa masana.

Ndayanika zidutswa ziwiri pa mwala kuti zizizire. Ndikutembenuka, chatsala chimodzi, galu wakuda uko akulowa m'tchire.

Zothokoza lero: mayi a Lusiya anunkhiza poto, andiyang'ana, atuluka. Sanapite kwawo. Angofika pa mtengo wa mango n'kubwerera.

Loweruka, 11 Novembala

Poti poto wawonongeka kale, alonda audula. Timapale tiwiri tonyezimira, masipoko atatu, kukhoma ndi mwala. Mpeni wapinda, tswa! Ndavina pang'ono.

Sukutseguka.

Chikhadabo changa chathyoka. Cha alonda chathyoka. Ahedi abwera ndi pulayala, akukoka uku akunena kuti mlombwa sukanatero. Taumasula pang'ono, tsopano ukutseguka wokha, ukugwedera ngati dzino la nkhalamba. Ndausiya padzuwa kanthawi, pougwira wandiotcha.

Ndakhala pakhonde, mutu m'manja. Mawa ndidzawauza chiyani akuluakulu aja? Kuti mpeni ndinausandutsa hamala? Nanga za mwana wawo adzaganiza zotani? Mantha andigwira zenizeni.

Mayi a Lusiya atola mpeni osandifunsa. Achotsa za poto, atenga zidutswa zija pa Baibulo, azibwezera m'malo mwake. Adula kalegeni pa chubu chakale, akulunga kumchira kumene nsonga siifika, amanga mfundo ndi mano. Nthawi yosakwana kuphika tiyi. Ukutseguka. Ukupinda.

Kunyansa kwake ndiye kosasimbika.

Lamulungu, 12 Novembala

Ulaliki sindinaumve. Nkhomaliro sinditha kunena kuti inali ya ndiwo zanji.

Mango afika m'mbale. Dzanja la apongozi latambasuka. Ndaikapo mpeni, maso ndili pansi.

Autembenuza, autembenuzanso. "Chasweka liti?" Ndati Lolemba. Apumira m'mwamba ngati munthu wotula katundu. "Chapirira. Chinang'aluka kale ndisanakupatseni, aphunzitsi. Ndinamata ndi ulimbo n'kupakapo mwaye. Wina ndinalibe, ndipo sindinafune kuti mupite ndi mwana wanga chimanjamanja." Akuti chaka chilichonse amauitanitsa kuti aone ngati ulimbo ukugwirabe, mtima uli m'mwamba kuti ndidzati anandipatsa chosweka. Mango akuti sawakondanso kwenikweni.

Sabata yonse ndavutika, iwo avutika zaka zisanu ndi ziwiri! Misozi inali pafupi, ya manyazi ndi ya kuthokoza pamodzi.

Kenaka apenyetsetsa mfundo ija, aseka mpaka kutsokomola. "Kamangidwe aka n'kakwathu. Tsopano ndadziwa amene akusunga mnzake pakhomo pano." Asenda bango, apinda mpeni, aupereka kwa mwana wawo. Ine dzanja langa latsala m'malere.

Zatsala: kupepesa kwa mayi a zosoka, kupeza poto wina, kusoketsa thumba, kutsimikizira akatekisiti. Ng'ona apongozi aipempha, yapita ku Golomoti pa keliyala, yomangidwa ndi malegeni.

Mpeni tsopano ukukhala m'chitini cha singano cha mayi a Lusiya. Akuti ndikaufuna ndizinena kaye ntchito yake. Ndavomera, ndipo ndathokoza ndi manja awiri.