Nkhondo ya Dishi ya a Wendell

Tcherani khutu, inu a mibadwo ya m'tsogolo, mumve za chaka cha chisanu choopsa, pamene m'katauni kena ka ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, munabuka nkhondo yoti ngakhale agalu anaopa kuiuwa.

Mayi Loretta Friesen, Mkango wa Msewu Wachitatu, iwo amene kutsokomola kwawo kunkabalalitsa akhwangwala, anaona kuti amuna awo, a Arvid, sali bwino. Loweruka lililonse masana ankati akukawongola miyendo, n'kubwerako maso ali psuu, mawu atasasa, chakudya osachikhudza n'komwe. Mtima wa mayiwo unadzaza mantha, poti padziko pano analibenso wina. Atakweza maso anamuona mdaniyo: dishi ya TV yotuwa padenga la aneba awo, a Wendell Kowalchuk, Njovu Yopuma Pantchito, Mgonjetsi wa Masoseji, itayasamira kuchipinda kwawo kwenikweni.

Anaima pampanda n'kulengeza nkhondo.

"Aneba! Chimbale chanucho chikundiwotchera mwamuna ndi cheza chake! Akupsa pang'onopang'ono ngati mbatata!"

"Mayi, dishi imangolandira, situlutsa kanthu," inayankha Njovu. "Ili ngati khutu. Khutu linawotchapo ndani?"

"Langali latentha kale ndi bodza lanulo!"

Ngwaziyo inamata mawindo onse ndi pepala lonyezimira lowotchera nyama. Inakasuma kwa abusa, koma abusawo anangoyang'ana nsapato zawo, pakuti nawonso anali ndi dishi yawo kuseri kwa nyumba. A Arvid osasintha.

Tsono Loweruka lina, amuna awo atangotuluka, Mkango unasenza makwerero, unakwera denga la mdani mphepo ikuluma, n'kuchipotokola khosi chilombocho.

Pansi pa mapazi awo, m'nyumbamo, munamveka kulira kwa amuna awiri. Mawu enawo anawazindikira.

"A Arvid! Tulukani!"

Anatuluka, soseji ili m'manja, mafuta akuyenderera kuchibwano.

"Kuwongola miyendo kwake n'kumeneku?"

"Ndimaiwongolera pasofa, mayi. Mdzukulu wa a Wendell, mtsikana uja, akusewera hoke, mpira wandodo uja, pa TV. Tikuchemerera."

"Ndiye kuti simukufa?"

"Ayi. Ndimangokhuta."

Misozi ya mayiwo inatsika n'kuundana m'masaya, ina ya ukali, yambiri ya mpumulo. Anaigwiranso dishi ija n'kuyamba kuibweza, Njovu ikulamula pawindo: "Kumanzere! Mwapitiriza! Pomwepo, musapume!"

Pangano la mtendere linali ndi lamulo limodzi: aliyense woonera avale poto kumutu, "poti zinthuzi munthu sudziwa." Anakhala atatu pasofa, mayi pakati, zogwirira za mapoto zitaloza uku ndi uku. Mtsikanayo atagoletsa, onse anadumpha nthawi imodzi, mitu n'kugundana. Kulira kwa mapotowo kunamveka mpaka kutchalitchi, ndipo abusa anatuluka kudzafunsa amene waimba belu Loweruka.