Holide ya Mavocha a Mayi a Tadala

Nkhani iyi ndi yamanyazi, koma poti amene ankandiseka nayo anatisiya, ndiinena ndekha.

Masiku amenewo tinkakhala ku Belgrave, ku England kuno. Mkazi wanga, mayi a Tadala, ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku care home, ine nditasiya ya mu warehouse ya ku Corby chifukwa cha msana. Sitolo imene tinkagulako zinthu inkapereka ma points, kenako n'kutumiza mavocha pa positi. Khadi linali la mayi, koma makalata ankapeza ine pakhomo. Zaka ziwiri ndinkabisa mavochawo m'thumba la suti.

Atachuluka, mnzanga wina anandithandiza pa kompyuta kugula nawo holide ya ku Spain. Mayi ndinawauza kuti ndi thukuta langa la ku Corby. Analira, n'kukalengeza ku tchalitchi, azimayi n'kumauza amuna awo kuti aphunzire kwa ine. Ku England kuno sindinalemekezedwepo choncho. Ngakhale ana anga, amene ndinawavutikira, sanayesepo.

Kutatsala masiku anayi, ndinaterereka pa ayisi n'kuthyoka mwendo. Ulendo unathera pomwepo. Sindinade nkhawa, poti inshuwalansi ndinali nditadula, ndipo ndinkaona kale timapepala tija tikusanduka mapaundi enieni.

Mwana wathu Tadala anaimba foni n'kuiika pa loudspeaker, amake ali pomwepo atanyamula mwendo wanga kuti aike pilo. Mtsikana wa inshuwalansi anafunsa kuti tinalipira bwanji. Ndinati ndi ndalama. Iye anati risiti ikuonetsa mavocha, ndipo iwo amabweza chokhacho chimene chatuluka m'thumba, ma points sawerengera. Ndinakhuthula Chingelezi changa chonse, kumuuza kuti ndi mbava zovala tayi. Anandiyankha ndi ulemu wawo wopweteka uja, kuti andibwezera ya basi ya ku eyapoti yokha.

Mayi anangosiya mwendo uja kuti ugwe.

"Abambo a Tadala, ndiye munali inu? Ine zaka ziwiri ndikukalipira wa positi, mwana wa eni ake, kuti akundibera mavocha."

"Ndimafuna ndikusangalatseni, mayi."

"Mwandisangalatsa. Mawa mumupepesa."

M'mawa mwake anandikhazika pa mpando pakhomo, m'chisanu, mwendo uli m'chikhakha, kudikira wa positi. Mnyamatayo atafika anangoyang'ana mwendowo, n'kuyang'ana mayi, n'kunena kuti sankafunika kundilanga mpaka pamenepo.

Mayi sanamuuze kuti ndi ayisi. Anaseka mpaka kugwira chitseko, ndipo kuseka kumeneko ndikanakugula lero ndi ndalama zenizeni.

Ukafuna kunamiza mkazi, usadule inshuwalansi.