Woimira Nkhotakota pa apu yosafufuta kanthu

Lolemba

Andisankha! Kampani ya apu yathu yochezera yandilembera kuti ndine woimira anthu a ku Nkhotakota. Ine, woluka tsitsi pa Dwangwa. Ndawerenga uthengawo mobwerezabwereza mpaka kasitomala wadandaula kuti mutu wake watsala theka.

Apuyi imayenda pa bulokutcheni: chimene walemba chimasungidwa pa makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi, palibe angachifufute, ngakhale mwini kampani. Ndipo kampaniyi siibisa kanthu. Loweruka bwana wake adzayankha mafunso athu pa vidiyo, mayiko onse akuonera.

Zofunika: mabenchi, sipika, anthu odzaza saluni, diresi yobiriwira ija, funso lanzeru.

Lachiwiri

Ndikulembetsa aliyense wokhala pampando wanga. Sangathawe, tsitsi lili m'manja mwanga. Alamu anga a Hawa, achemwali awo a amuna anga, alowa nawo. Chithunzi chawo choyamba: mpunga ndi chambo chachikulu. Mzungu wina wakutali waikapo kamtima. Alamu akuyenda ngati nduna.

Funso lanzeru silinabwere.

Lachitatu

Kampani yalemba poyera: "Pepani, talakwitsa. Mauthenga ena a kumbali atulukira pa bwalo la onse." Ndawomba m'manja ndekha. Kampani iti imavomera chonchi? Tsiku lonse ndakhala ndikuuza makasitomala kuti kukhulupirika ndi kumeneku.

Madzulo ndasuzumira pabwalopo. Wanga ulipo. Uja ndinalembera mnzanga wa ku Benga, woti chambocho alamu anachita kubwereka kwa aneba kuti angojambula, iwo anadyera usipa.

Ndadina paliponse. Sukuchoka.

Lachinayi

Alamu awerenga. Aneba awerenga. Mzungu uja waikaponso kamtima.

Amuna anga: "Mayi a Shakira, pitani mukapepese, mafoni akubwera kwa ine." Ndapita ndi shuga. Alamu: "Shuga ali mbwee pa Dwangwa pano, mlamu. Ingofufutani." Ndawafotokozera bwinobwino za makompyuta ambirimbiri aja, mpaka ndayamba kusangalala nazo ndekha. Andibwezera shuga wanga.

Mabenchi ndimati ndibwereke kwa iwo.

Lachisanu

Kampani siichita chinthu osatifunsa, ndiye tavotera nthawi ya msonkhano. Kufunsidwa maganizo ndi kampani yakunja, ine! Ndasankha madzulo. Wapambana m'mawa, nthawi imene ndikhale ndikukonza mkwatibwi wa ku Dwambazi.

Aika poyera mmene aliyense wavotera. Alamu avotera m'mawa. Za mkwatibwiyo akuzidziwa.

Funso lanzeru: ayi ndithu.

Loweruka

Magetsi azima, sipika chete. Obwera ku msonkhano: mkwatibwi, amayi ake, ndi alamu, amene aima pakhomo manja m'chiuno, akuti akungodutsa. Foni ndaitsamiritsa pa botolo la mafuta atsitsi.

Bwana wa kampani watchula dzina langa! Walipotoza, koma ndi langa. Akuti ndifunse. M'mutu mbee. Alamu ali pakhomopo: "Afunseni mmene amafufutira." Ndafunsa ndi Chingerezi chonse chimene ndinatsala nacho kusukulu.

Bwanayo wamwetulira. Akuti sangathe, ndipo amanyadira zimenezo. Kuti onse amvetse, waika uthenga wanga wa chambo pa sikirini, womasuliridwa, nkuuwerenga mokweza. Wafunsanso kuti usipa n'chiyani. Alamu alowa, andilanda foni, afotokoza. Afotokozanso kaphikidwe kake. Timitima tikungogwa ngati mvula.

Mkwatibwi waseka mpaka zodzola zasungunuka. Ndayambiranso.

Lamulungu

Saluni yotseka. Diresi yobiriwira sindinaivale n'komwe, ndakumbukira lero.

Kampani yathokoza Nkhotakota chifukwa cha "kumasuka kwathu". Yafunsanso poyera amene atiimire mwezi wamawa. Alamu ali patsogolo kutalitali. Amuna anga avotera achemwali awo, kenako atuluka kukaona njinga yosawonongeka.

Nanenso ndavotera alamu. Mavoti amaoneka.