Timibulu ta kwa Mayi Nangondo

Ana inu mwanditopetsa. Mwakwera basi yolakwika mpaka kukatsikira ku Liwonde, chonsecho kondakitala anali pomwepo ndi pakamwa pake. Khalani pansi, mafoniwo alowe m'thumba. Mwambi ndikuuzeniwu chiyambi chake chinali chotere.

Ndinali ndi mnzanga, Zakeyu Chimbalanga, amene anakakhalako ku Joni miyezi isanu ndi itatu. Miyezi imeneyo ife tinaimva zaka khumi. Ukatchula nsapato, iye za ku Joni. Ukatchula maliro, za ku Joni. Koma chibwerere kumeneko ntchito analibe, ndipo mkazi wake anali atanenetsa kuti mvula ikagwa bamboyo akadali lova, iye abwerera kwawo ku Ntcheu.

Ndiye kunamveka kuti mayi Nangondo, amene ankafulula okha mowa wa m'mabotolo pa bala yawo ku Zomba, akufuna munthu woti azifotokozera alendo za mowawo. Mayeso ake kunali kulawa basi. Loweruka masana Zakeyu anatikoka ine ndi mnzathu Kapalamula kuti timuperekeze. Ine ndinapita chifukwa cha mang'ina, ndisaname.

Titafika, mayi Nangondo anatiikira aliyense kathabwa ka timatambula tinayi: mowa wa mapira, wa malambe, wa bwemba ndi wa uchi. Pakati panali mang'ina, tchipisi ndi soseji. Pambali panali kambale ka timibulu tachikasu, tosalala, tokula ngati nzama.

Kunena zoona, lilime Zakeyu anali nalo. Anangonyambita wa mapira n'kunena kuti anautsira m'botolo usanapse bwino. Wa bwemba anati umafuna nyama yonona. Mayi aja anagwedeza mutu mokhutira, nalowa kukhitchini, ati abwera kudzamva chigamulo chathu. Ntchito inali italowa kale m'manja.

Apo Kapalamula analoza kambale kaja. "Achimwene, nanga timibuluti n'tachiyani? Tiwafunse mayiwo."

"Mukufuna kundiyalutsa pamaso pa abwana?" anatero Zakeyu. "Imeneyi ndi tchizi. Ku Joni timatsukira m'kamwa tisanalawe mowa wina."

Anaponya kamodzi m'kamwa. Anatafuna. Ife tinamaliza mang'ina, iye akutafuna. Tinamaliza soseji, nsagwada zikadali pa ntchito. Ndinamunong'oneza kuti alavule mwakachetechete, palibe akuona. Iye anati tchizi yabwino sithamangira kummero, ndipo pofuna kutionetsa umbuli wathu anakokolola totsala tonse n'kuponyamo. Timibuluto titakana kutsika, anatsirira mowa wa uchi wozizira uja. Basitu chinthu chija chinauma, n'kumata mano ndi m'kamwa monse.

Mayi Nangondo atabwera anayamba kusuzumira m'matambula athu, kenako m'kambale. Anafotokoza modekha kuti pa bala pawo mwambo wake ngwakuti wolawa aliyense amaponya kambulu kamodzi m'tambula ya mowa umene wamukomera, kuti iwo adziwe woti afululenso. Timibuluto anatiumba ndi phula la m'ming'oma yawo ya njuchi, ndipo chitsegulire bala tinali titadutsa m'manja mwa zidakwa za Zomba yense.

"Nanga tapita kuti?" anafunsa.

Ine ndinayang'ana kudenga. Kapalamula anayang'ana nsapato zake. Zakeyu anayesa kuyankha, koma chimene chinatuluka ndi kung'ung'udza chabe, thukuta lili kamukamu, chala chikukanda kuseri kwa mano. Ndinamumvera chisoni, ana inu, ngakhale anali atandikwana kwa zaka zonsezo.

Mayi aja sanaseke n'komwe. Anapumira m'mwamba ngati munthu amene waona zambiri.

"Lilime muli nalo, bambo, sindikukana. Koma mlendo akadzakufunsani chimene simukuchidziwa, inu mudzamudyetsa kandulo."

Tinabwerera wapansi. Panjira ponse Zakeyu ankangolavula tizidutswa tachikasu, ndipo kwa nthawi yoyamba tinayenda naye mtunda wonse osamva za ku Joni. Kunyumba mkazi wake anamvetsera nkhani yonse kwa Kapalamula, manja ali m'chiuno, n'kufunsa mwamuna wake funso limodzi lokha, loti kodi mayi Nangondo anali kutali bwanji. Khitchini inali pamtunda wa mapazi asanu.

Mkazi wa Zakeyuyo sanadikirenso mvula. Atafika ku Ntcheu ndi katundu pamutu, ankhoswe anamufunsa chimene chathetsa banja, ngati ndi nkhanza kapena chibwenzi. Iye anatula katundu, nakhala pansi, nati:

"Iyayi. Safunsa anadya phula."