Asuweni a ku Nthambi ya Sir Cuthbert

Nzeru yonse inabadwira m'bala yotchedwa Sir Cuthbert, pa tambula yachitatu ya mowa. Dennis Grubb, yemwe kwathu kuno timamutcha Profesa chifukwa cha magalasi basi, anakokera pafupi mnzake Chimimba.

"Loweruka a Quillingham ali ndi phwando la banja," anatero. "Nduna ziwiri, aphungu, azakhali osawerengeka. Anthu aja anakwatirana mpaka sadziwana. Tilowa ngati asuweni, iwe ubise chikho chawo cha siliva pamimba pakopo, tizipita. Zophweka, aise."

"Nanga chibwenzi chako chija, alamu anga a Maureen?" anafunsa Chimimba. "Paja anati ukamangidwanso akwatiwa ndi wogulitsa nyama uja."

"Ameneyo adikira mpaka imvi."

Loweruka masana anafika atavala masuti obwereka onyezimira, pamene eni nyumba anali m'majekete azigamba a agogo awo. Chikho chinali patebulo m'khonde, chopanda mlonda. Chimimba anachilowetsa m'malaya n'kumanga mabatani. Ntchito inatha msanga kuposa kuyetsemula.

Pakhomo potulukira anakumana ndi Lady Honoria, mayi wamkulu wa banjalo, ali ndi ndodo ndi agalu awiri.

"Anyamata inu, ndinu a nthambi iti?"

Profesa anakumbukira dzina limodzi lokha, la pa chikwangwani cha bala.

"Ya Sir Cuthbert, mayi."

Ndodo inagwa. Zimene Profesa sankadziwa n'zakuti Sir Cuthbert, yemwe anali wa m'banja lomweli, anachoka m'chipani cha banjalo kalekale, n'kukakhala mbali ina ya Nyumba ya Malamulo. Chiyambire pamenepo ana ake ndi a Quillingham sankapatsana moni ngakhale pamaliro.

"Abwerera," anatero mayiwo akupukuta misozi. "Rupert, itana aliyense. Ana a wopanduka uja abwera kudzapepesa."

Kunalibenso kothawira. Nduna inawagwira chanza. Azakhali anawapsompsona. Profesa, poona anthu akumumvetsera koyamba m'moyo wake, anakwera pampando n'kupepesa m'malo mwa agogo ake, ndipo analonjezanso kuvotera chipani.

"Tiye tizipita," ananong'ona Chimimba. "Chinthuchi chikuzizira."

"Dikira, sindinafike pa nkhani ya misonkho."

Kenaka Lady Honoria analamula mwambo wa banja: chithunzi cha onse pamasitepe, pambuyo pake kumwera limodzi m'chikho cha siliva. Alendo olemekezekawo anawaimika kutsogolo. Wojambula anasuzumira m'kamera yake n'kupukusa mutu.

"Bwana onenepa inu, mukuphimba a Nduna. Tabwezani mimbayo pang'ono."

Chimimba ndi munthu womvera. Anakoka mpweya. Chikho chinatsetsereka, n'kugubuduka sitepe ndi sitepe chikulira ngati belu la tchalitchi, mpaka chinakaima pa phazi la bambo wina wadazi.

Bamboyo anali Sir Rupert, mchimwene wa Lady Honoria, woweruza milandu wa m'boma lathu. Mkulu wa apolisi sanachite kuitanidwa. Anali ataima kale pamzere wachiwiri, pakuti anakwatira mwana wa Sir Rupert.

"Ndimati nkhopeyi ndikuidziwa," anatero Sir Rupert akuyang'ana Profesa, "koma ndinaganiza kuti ndi mphuno ya banja."

Lolemba m'khoti anamuyang'ana Profesa mwachifundo.

"Zaka ziwiri, msuweni."

Maureen anatumiza chithunzi cha ukwati kundende, pamodzi ndi masoseji.