Katundu wa Kuseri kwa Zitseko Ziwiri

Pulaniyo inabadwira m'bala ya kuseri kwa depoti, mowa utayamba kulankhula. Wailesi ya pa kauntala inali itangonena kuti akatswiri a pamalo ena ofufuzira apeza, m'makungwa a mtengo wina, mankhwala opha tizilombo ta chifuwa chachikulu. Mapulani, amene ankatsogolera kagulu kawo ka mbava chifukwa ndiye yekha anali ndi jekete, anamenya tebulo n'kunena kuti Mulungu wawakumbukira. Akangowagwira mankhwalawo adzawasungunula mumgolo, adzawathira m'timabotolo, ndipo kumsika anthu adzapondana. Chimphona anavomera. Chimphona ankavomera chilichonse chonenedwa mokweza.

Giya, dalaivala wawo, anavomera naye, koma mtima wake unali pena. Anali atatsokomola nthawi yaitali, lamba n'kumamuboola mabowo atsopano, anzakewo n'kumawanamiza kuti ndi fodya. Kuchipatala ankakuopa: mzere, maso a aneba, mapilitsi a miyezimiyezi. Koma chimene chinkamudya kwambiri chinali kamwana kake kakakazi, kogona naye chipinda chimodzi, kamene nako kanali katayamba kutsokomola. Anaganiza zodzapatula kabotolo kamodzi, amwe iye, amwetse mwana, nkhani ithere pomwepo mayi ake a mwanayo asanatulukire.

Anafika pamalo ofufuzirawo masana dzuwa likuswa mtengo, antchito onse ali kokadya. Anavala maovolosi ngati okonza mafiriji. Mlonda anayang'ana sipanala ya Mapulani, n'kuwalozera njira mwaulemu.

Chipinda choyamba chinali chosakiya. Pamashelefu panali makungwa ouma, mizu, masamba m'timapepala, ndi mabotolo a timadzi tofiirira tonunkha kuwawa. Giya anatambasula dzanja kuti atenge botolo limodzi.

"Akulu, si amenewa?"

"Aise, unayamba waona chinthu chodula chitayanikidwa poyera ngati zovala?" anatero Mapulani, akumenya dzanja la Giya. "Iyi ndi nyambo ya mbava zophunzira kumene. Katundu weniweni amakhala komwe kuli loko."

Loko analipodi, kumapeto kwa khonde, pachitseko chachitsulo chokhala ndi chikwangwani chachikasu. Mapulani anafotokoza kuti zikwangwani zotere amaikira anthu amantha. Khadi lotsegulira analipeza pamkanjo woyera wopachikidwa pamsomali. Analowa m'kachipinda kopanikiza, kodzaza mikanjo ndi zotseka pamphuno. Chimphona anafuna kuvala chimodzi kuti abise nkhope, koma anauzidwa kuti asiye chibwana. Chitseko cha kumbuyo kwawo chinadzitseka chokha, onse n'kudzidzimuka, ndipo nthawi yomweyo chachiwiri chinalira kuti kete n'kutseguka.

M'katimo munali chifiriji chachikulu. Atachitsegula, munatuluka mpweya wofunda.

"Mwaona mphamvu?" ananong'ona Mapulani. "Mankhwala ake mpaka atenthetsa firiji."

Analongedza timabotolo tomata bwino m'bokosi. Giya anapempha kunyamula yekha, n'kulifungatira pachifuwa ngati khanda.

Potuluka mpamene ukatswiri unawapweteka. Mbava iliyonse yolemekeza ntchito yake imadziwa kuti chitseko sichitsekedwa kumbuyo, ndipo kudzitseka kwa choyamba chija kunali kukuwadetsabe nkhawa. Mapulani analamula Chimphona kuti agwire cham'katicho ndi phazi, kuopa kutsekeredwa m'kachipindako. Chimphona anagwira. Mapulani anaika khadi pachitseko chakunja, koma chinakana. Anapukuta khadilo paovolosi, analipumira, analitembenuza, anakankha ndi phewa, anatukwana amene anachipanga. Sankadziwa kuti zitsekozo zinapangidwa mwapangano: chimodzi sichitseguka chinzake chili chotsegula. Mapulani akamakankha mwamphamvu, Chimphona nayenso ankalimbitsa phazi.

Akutuluka thukuta choncho, pawindo lagalasi panaoneka mayi wa magalasi, kapu ya tiyi ili m'manja. Mawu ake anatulukira pakachitsulo ka pakhoma, odekha ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi.

"Bambo mwanyamula bokosinu, liikeni pansi. Pang'onopang'ono."

Anawafotokozera kuti mankhwala a makungwa anawadutsa m'chipinda choyamba. Zimene anafungatirazo ndi tizilombo ta chifuwa chachikulu, toweta dala m'malo ofunda kuti aziyeserapo mankhwalawo. Malokowo sanaikidwe kuopa mbava, koma kuti tizilomboto tisatuluke.

Chimphona anachotsa phazi, chitseko n'kutsekeka, koma mayiyo anali atakiya kale chakunja. Mapulani anatseka pakamwa ndi pamphuno, kutsimikiza mtima kuti sapumanso mpaka atatuluka. Pulani imeneyonso sinakhalitse. Apolisi anabwera, koma atamva zimene zinali m'bokosimo anakaima kutali kumapeto kwa khonde, aliyense akupatsa mnzake ulemu woti atsogole.

Ndiye Giya anatsokomola. Anayesa kumeza, koma chifuwacho chinamukoka kuchokera pansi, chinamupinda pakati, chinamusiya atagwira khoma misozi ili m'maso.

"Zamulowa kale," anatero Chimphona, akudzikanikiza pakona ngati angakwanepo.

Mayiyo anali ataika kapu pansi. "Timabotoloto ndi totseka, bambo. Chifuwa chimenecho mwabwera nacho. Chinayamba liti?"

Mapulani anamuyang'ana Giya, n'kukumbukira maulendo onse amene anayenda naye m'galimoto mawindo ali otseka kuopa kuzindikiridwa. Anafuna kukalipa, koma kukalipa kumafuna mpweya, ndipo mpweya wa m'kachipindako sankaukhulupiriranso.

Giya manyazi anali atamuthera. Anayandikira galasi n'kufunsa ngati madzi a makungwa aja angachize mwana wamng'ono. Mayiyo sanamuseke. Anati madziwo amapha tizilombo m'mbale zagalasi, koma zimene angachite m'thupi la munthu palibe akudziwa. Mwina angachize, mwina angaononge chiwindi, ndipo padutsa zaka asanadziwe. Koma mankhwala ochiza alipo kale kuchipatala, a akulu ndi a ana omwe, bola kuyamba msanga ndi kumaliza.

"Mwanayo akutsokomola?"

Giya anagwedeza mutu kuvomera.

"Ali kuti?"

Pa zaka zonse za umbava wake Giya anali asanauzepo munthu kumene amakhala. Apolisi anamufunsapo ndi ndodo, iye n'kuwalozera nyumba ya eni. Mapulani anamuponda chala kumukumbutsa malamulo a ntchito. Koma Giya anatchula msewu, anatchula mpopi wa pakona, anati apite kuseri kwa okonza njinga, nyumba ya chitseko chobiriwira. Anabwereza mokweza, mpaka wapolisi wa kumapeto kwa khonde anamva bwinobwino n'kugwedeza mutu.

"Mukagogode pang'ono, mayi," anatero. "Mwanayo amadzidzimuka msanga."